Agogo akasiya kupita kumzikiti kapena kutchalitchi, chimatsatira n'chiyani?

Abiti Daudi
Salaam aleikum Asilamu anzanga, moni nonse a pagulu pano. Pali nkhani yomwe yakhala ikundizunguza mutu. Gulu lathu la amayi a dawa (ofalitsa uthenga wa Chisilamu) kuno kwa Mponda timayendera okalamba mwezi ndi mwezi, kukawasesera, kuwatungira madzi, kuwasiyira kasopo ndi kaufa tikapeza. Umphawi wawo ndi wofanana, matenda ndi omwewo a mawondo, msana ndi maso. Koma pali kusiyana komwe tonse takuona. Anganga amene akufikabe kumzikiti Lachisanu, kapena amene anzawo a kutchalitchi amadzawatenga, ukawapeza amakhala atasamba, amadziwa kuti lero ndi lachingati, amakufunsa za ana ako mowatchula mayina. Amene anasiya kupita, ambiri timawapeza ali chigonere pamkeka dzuwa lili paliwombo, nsima ya dzulo ili m'mbale, ukawalankhula amangoti "eya" basi. Ndiye ndithandizeni: chimawalimbitsa ndi pemphero lenilenilo, kapena ndi kuonana ndi anthu? Ndikufunsa chifukwa ngati ndi anthu, ndiye kuti sopo tikunyamulayu si chimene akusowa kwenikweni.

Make Yamikani
Achemwali, zimenezi ndimaziona pakhomo panga pomwe kuno ku Monkey Bay. Apongozi anga ndi a Mvano kuyambira ndisanakwatiwe m'banja muno. Sabata yonse amadandaula chiuno, koma likayandikira tsiku la Mvano mumangomva akuitanitsa makala a m'simbi. Bulauzi yoyera ija salola wina awasitire, amati ife timasiya makwinya pakolala. Amaiyala pamphasa, n'kuyamba auzira kaye simbi kuti phulusa lisagwere pansalu, duku amalipinda n'kuliika kunsi kwa pilo. M'mawa amadzuka tonse tili mtulo. Akabwerako nsima amaimaliza ndipo nkhani sizitha: wakuti wagonekedwa kuchipatala, wakuti mwana wake watulukira kuchoka ku Joni, maliro a kwakuti okaphika ndife. Ine ndimaona kuti chachikulu n'choti kumeneko amawadikira. Akapanda kufika, madzulo ake pakhomo pamafika anthu kudzafunsa kuti kwagwanji.

Che Wadi wa ku Joni
Ndikutsatira ndili kuno ku Durban. Amayi anga ali ku Katuli ndi adzukulu, ana a mlongo wanga. Ndili ndi funso langa, ndilemba ndikaweruka.

Tadala
Amayi Abiti Daudi, funso lanuli a kafukufuku akhala akulimbana nalo kwa nthawi yaitali. Ine ndikuphunzira za umoyo wa anthu m'madera, ndiye ndiike zomwe ndinawerenga. Ku America, akatswiri a ku Harvard anatsata anamwino achizimayi oposa 74,000 kuyambira 1996 mpaka 2012, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Amayi amene ankapita kokapemphera koposa kamodzi pa sabata, chiopsezo choti amwalire m'zaka zimenezo chinali chotsika ndi 33 peresenti poyerekeza ndi amene sankapitako n'komwe. Atafufuza chifukwa chake, anapeza kuti mbali ina inali yoti amayiwo anali ndi anthu owadalira, samasuta kwambiri, samagwidwa kawirikawiri ndi matenda a kukhumudwa, komanso anali ndi chiyembekezo. Zindikirani kuti chomwe ankawerenga ndi kupita kukasonkhana ndi ena, osati kupemphera kwa munthu payekha m'nyumba. Palinso ntchito ina ya mu 2010 yomwe inaphatikiza kafukufuku 148 wa anthu oposa 300,000, n'kupeza kuti okhala pa ubale wolimba ndi anzawo amakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo kusiyana ndi osungulumwa.

Sisita Nangondo
Tadala, manambalawo ndi abwino koma tisathamange nawo. Ine ndimakhala kukiliniki ya shuga ndi BP. Gogo amene angayende wapansi kuchoka kwawo kukafika kumzikiti pa dzuwa la Mangochi lino, ndiye kuti mtima, mapapo ndi miyendo zikadali bwino. Amene sitiroko inamugwetsa sangapite ngakhale atafunitsitsa chotani. Pena timati walimba chifukwa amapita kokapemphera, chonsecho amapita kokapemphera chifukwa ndi wolimba kale. Chimene ndimachiona ine n'chakuti zimayamba ndi bondo. Bondo likatupa gogo amajomba sabata ziwiri, kenako mwezi. Pokhala pakhomo osayenda, bondo lija limaumiratu, chilakolako cha chakudya chimachepa, tsiku la kukiliniki palibe womukumbutsa. Pakatha chaka amabwera naye panjinga atafooka, achibale n'kumati wangodwala mwadzidzidzi.

Tadala
Zoona asisita. A kafukufuku aja analiganizira vutoli, anayang'ana thanzi la amayiwo poyambirira, koma kusiyana kunatsalabe. Komabe ndi amayi a ku America, ambiri azungu ndiponso Akhristu, ophunzira ndi olandira malipiro, sitingawafanizire ndendende ndi anganga a ku Makanjira. Kwathu kuno kuli kafukufuku yemwe wakhala akutsata mabanja a ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2012 anayamba kuyang'ana mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo. Anapeza kuti nkhawa ndi kukhumudwa n'zofala m'midzi, zimakula munthu akamakalamba, ndipo amayi ndiwo amavutika kwambiri. Balaka ndi pafupi pompa, anthu ake ndi abale athu omwe.

Bambo Mbewe (aphunzitsi opuma)
Ana anga, mukukamba za ife, ndiye lolani mwini nkhani ayankhulepo. Ine ndinadutsa zaka 70, ndinaphunzitsa m'sukulu za pulayimale mbali ya Malindi ndi Lungwena mpaka kupuma. Foni iyi anandigulira mdzukulu, ndimalemba pang'onopang'ono, mundipirire.

Chimene simungachidziwe musanafike kuno n'choti ukalamba umalanda masiku. Uli pantchito, Lolemba limasiyana ndi Lachisanu. Ukapuma, ana atabalalikira m'matauni, mayi a kunyumba atatsogola, masiku onse amangofanana, kucha ndi kuda basi. Tchalitchi ndicho chinandibwezera sabata. Likafika Lachitatu ndimadziwa kuti ndiyambe kukonzekera mawu oti ndikawerenge Lamulungu. Ndimawawerenga mokweza pakhonde mobwerezabwereza, chifukwa maso ayamba kuchita nkhungu ndipo sindifuna kukadodoma pamaso pa anthu amene ena ndinawaphunzitsa ndine kuwerenga. Loweruka ndimameta ndevu ndi kupukuta nsapato. Zikuoneka zazing'ono, koma munthu amene alibe chifukwa chometera ndevu sachedwa kusiyanso kusamba.

Koma musanene kuti ndi anthu okha ayi. Ife tulo timatha msanga. Nkhuku zisanalire umakhala uli maso, ndipo nthawi imeneyo palibe wa mpingo amene ali nawe. Umayamba kuwerenga anzako amene munalowa ntchito limodzi, n'kupeza kuti pafupifupi onse anapita. Umakumbukira mwana amene unamuika m'manda zaka za Edzi zija, mankhwala aulere asanayambe kuperekedwa mu 2004, n'kumadzifunsa kuti akanangopirira pang'ono bwenzi lero ali moyo. Maganizo amenewo akhoza kumupha munthu. Chimene chimandigwira ine ndi Salimo 71, pamene wolemba akupempha Mulungu kuti asamutaye mu ukalamba wake, asamusiye mphamvu zikatha. Ndimalinena pamtima mpaka mtima utakhala pansi. Amene analemba mawu amenewo ankaopa zomwe ndikuopa ine, ndipo sanachite manyazi kumuuza Mulungu. Gulu la anzanga osewera bawo pamsika limandisangalatsa, koma za mwana uja silingandiyankhe.

Make Yamikani
Zikomo bambo. Apongozi anga nawonso ndimawamva akuimba chapansipansi usiku, ndinkangoti ndi chizolowezi.

Bambo a Prince
Pepani akuluakulu, ine ndili ndi mbali ina, ndipo ndisabise, za mapemphero ndinazisiya kalekale. Mukukamba ngati chipembedzo chimangochitira okalamba zabwino. Mwaiwala za ku Neno mu January 2016, pamene nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana? Chaka ndi chaka a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, amalengeza za okalamba ophedwa powaganizira ufiti. Lamulo la mu 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, koma akuloza chala masiku ano ndani? Si asing'anga okha. Kumudzi kwa akazi anga kunabwera mneneri wina wochititsa mapemphero a usiku m'kalasi ya sukulu. Mtsikana wina yemwe ankangopita padera anamuuza kuti pali gogo wa kuchimuna amene anamanga mimba yake. Dzina sanatchule, koma kuchimunako gogo analipo mmodzi yekha. Gogo ameneyo anali wa kwaya ya amayi kwa zaka zambirimbiri. Kuchokera tsiku limenelo, pabenchi pomwe wakhala anthu ankasuntha, pamjigo ana ankathawa. Anasiya kupita kutchalitchi, osati chifukwa cha bondo asisita, koma manyazi. Anamwalira chaka chisanathe, ndipo omwe ankamuthawa aja ndi amene anaimba pamaliro ake. Enanso akuuzidwa kuti ataye mankhwala a BP chifukwa apemphereredwa, n'kuwagulitsa madzi ndi mafuta odzozera ndi ndalama ya Mtukula Pakhomo. Zimenezi muziwerengenso pa manambala anuwo.

Sisita Nangondo
Apa bambo a Prince sanalakwe. Ambiri amene amanenedwa ufiti ndikawaona ndi odwala matenda oiwala a ukalamba. Gogo wotere amadzuka pakati pa usiku n'kunyamula khasu kuti akupita kumunda, kapena amati akupita kwawo, kutanthauza mudzi womwe anabadwira. Amasochera, m'bandakucha n'kupezeka pakhomo pa eni ake, pena atavula chifukwa cha kutentha kwa kuno. Anthu amati wagwa palichero. Mukamuzungulira n'kumufunsa mwaukali kuti ndinu mfiti eti, amavomera, chifukwa funsolo sakulimva n'komwe, akungofuna phokoso lithe. Ndi ubongo ukutha, monga m'mene maso ndi makutu zimathera. Chodabwitsa n'choti gogo yemweyo, woiwala dzina la mwana wake, mukayambitsa nyimbo ya kutchalitchi kapena Fatiha, surah yoyamba ya m'Qur'an, amatsatira mpaka kumapeto osaphonya. Ndimawauza achibale kuti akayamba kuvuta madzulo, m'malo momukalipira kapena kumutsekera m'nyumba, akhale naye pansi ayimbe naye. Abusa ndi mashehe atati azinena paguwa kuti matendawa alipo, miyoyo yambiri ikhoza kupulumuka, chifukwa anthu amamvera iwo kuposa ife.

Tadala
Zomwe akunena bambo a Prince nazonso zinafufuzidwa. Mu 2001 Kenneth Pargament ndi anzake anatulutsa zotsatira za odwala pafupifupi 600 a zaka 55 kupita m'tsogolo, omwe anawatsata zaka ziwiri. Amene ankaona ngati Mulungu wawataya, kapena kukayika ngati amawakonda, kapena kukhulupirira kuti matendawo wabweretsa ndi Satana, ankamwalira msanga kuposa anzawo. Ndiye nkhani si kungopemphera kokha, komanso zimene munthu akuuzidwa kumene akupempherako.

Nangozo
Ine yanga ndi ya khadi. Mpingo sinditchula. Azakhali anga ku Chilipa ali ndi mantha usiku ndi usana kuti akamwalira mpingo sudzaimba maliro awo chifukwa khadi lawo lili ndi miyezi yosalipira. Munthu woti akulera ana amasiye, munda wake chimanga sichinabereke, ndalama aitenga kuti? Anafika pogulitsa nkhuku yomwe ikanawapatsa mazira, kuti khadi lidindidwe. Lamulungu lina anamva mayina a osapereka akuwerengedwa kutsogolo, kuyambira pamenepo amapita pokhapokha ali ndi kanthu m'manja. Munthu watumikira moyo wake wonse, wasenda nsomba ndi kuphika pa maliro a anthu osawerengeka, lero azichita mantha ndi maliro ake omwe? Ndikakumbukira zimandipweteka kwambiri.

Akatekisiti Banda
Mayi Nangozo, pepani. Kulikonse kumene zikuchitikako, atsogoleri akhale pansi aone bwino. Nkhalamba yosowa ndi yofunika kulandira kuchokera ku mpingo, osati kulondoledwa ngongole.

Ndinene za kwathu kwa Akatolika. Zoyenera kuchita zilipo kale, chimasowa ndi anthu ozichita. Mphakati uliwonse umayenera kudziwa odwala ndi okalamba ake, kuwayendera, ndi kudziwitsa bambo mfumu kuti awabweretsere Ukaristia ndi kuwadzoza. Lamulo la kusala chakudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limathera pa zaka 59, koma agogo ambiri sadziwa, amadzizunza. Mu 2021 Papa Francis anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa July. Radio Maria, yomwe likulu lake lili konkuno ku Mangochi kuyambira 1999, yakhala bwenzi la agogo ambiri osayenda, amatsatira Misa ndi kolona ali pamphasa. Komabe ndikayendera nthambi zakutali ndimapeza agogo oti papita chaka osaona munthu wa mpingo. Wailesi ili pambali pawo, mabatire anatha. Parishi imodzi imakhala ndi nthambi zambiri, msewu nthawi ya dzinja sudutsika, ndipo achinyamata a mphakati amene akanapita ndi omwe ali ku Joni kapena kunyanja.

Bambo a Prince
Ndiye mwavomereza nokha akatekisiti. Gogo akadali ndi mphamvu zosesa tchalitchi amawerengedwa. Akagwa, ndi pamene amamuiwala, nthawi yomwe akukufunani kwambiri.

Mwalimu Issa
Wa aleikum salaam Abiti Daudi, moni kwa nonse kuchokera ku Namwera. Bambo a Prince, mawu anuwo ndi owawa koma sindingawatsutse. Chisilamu sichinamupanikize wokalamba. Surah 17 ndime 23 ikuletsa mwana kunena ngakhale kamawu kakang'ono kosonyeza kutopa ndi makolo ake akakalamba. Wolephera kuimirira amaswali chokhala, wolephera kukhala amaswali chogona cham'mbali. Amene madzi angamuonjezere matenda amachita tayammum, kudziyeretsa ndi dothi m'malo mwa madzi. Nkhalamba yosatha kufunga Ramadan ili ndi njira ya fidya pa Surah 2 ndime 184, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse lomwe sinafunge. Zonsezi zilipo.

Vuto ndi manyazi. Ambuje athu munthu wafunga kuyambira ali mnyamata, lero adye masana adzukulu akuona? Amakana. Chimodzimodzi swala. Kunali mkulu wina kwathu, amene kale ankaitana azana, anangosowa mumzikiti. Titapita kukamuona anatiuza kuti akagwada n'kugunditsa chipumi pansi, podzuka amafunika womukoka, ndiye safuna kuchedwetsa mzere. Tinakhoma benchi n'kuliika kumapeto kwa mzere woyamba, osati kumbuyo, chifukwa malo ake anali kutsogolo kuyambira kale. Pochitira udhu tinamanga kachiunda ka simenti koti akhalepo posambitsa mapazi. Sabata yoyamba anakhalapo yekha ali wowerama. Pano benchi lija limadzaza, tikufuna lachiwiri. Mtengo wake sunafike ngakhale wa thumba la simenti la mizikiti yokongola tikumangayi.

Sisita Nangondo
A mwalimu, zikomo potchula za kufunga. Chonde muziwauza odwala shuga abwere kukiliniki Ramadan isanayambe. Amene amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin, akamwa mankhwala nthawi ya daku n'kukhala tsiku lonse osadya, shuga amatsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, chizungulire ndi kulankhula zosokonekera. Zikatero amwe madzi a shuga nthawi yomweyo, asadikire futari. A BP amene amamwa mapiritsi okodzetsa aja, kutentha kwa kuno kumawaumitsa thupi msanga. Ambiri tikhoza kuwasinthira nthawi yomwera, ena timawauza kuti chaka chino ayi. Koma ndikanena ine amangogwedeza mutu n'kukafungabe. Akamva kwa shehe kuti Mulungu mwini ndiye wapereka chilolezo, pamenepo ndi pomwe amamasuka. Akhristu osala kudya masiku ambirimbiri kuphiri, uthenga ndi womwewu.

Abiti Daudi
A mwalimu, pali china chomwe anganga amandidandaulira, ndipo ndikudziwa kuti ndi nkhani yovuta. Iwo anakulira mu Chisilamu cha sikiri, sadaka ya masiku 40 munthu akamwalira, ndi ziyala. Ndi kumene ankakumana, kuphika mpunga limodzi, kuimba mpaka kucha. Lero mdzukulu wapita kukaphunzira, wabwera n'kuwauza kuti zonsezo ndi bidia, zinthu zongoonjezera m'chipembedzo, n'kuletsa sadaka ya amuna awo. Sindikufuna titsegule mkangano wa magulu a Asilamu a Kadiriya ndi Sukuti pano, ulipo kuyambira tisanabadwe. Ndikungonena zomwe ndinaona: mayi wokalamba akulira, osati chifukwa cha njala, koma akufunsa kuti ndiye kuti amayi anga ndi amuna anga onse anasochera? Munthu wa zaka zimenezo ukamuuza kuti njira yomwe wayenda moyo wonse ndi yolakwika, wamusiyira chiyani choti agwire? Komanso m'mizikiti yambiri ya kumudzi malo a amayi ndi kachipinda kakang'ono kotentha, khutuba imamveka mwapatalipatali. Anganga osamva bwino amangokhala kudikira kuti anzawo awerame nawonso awerame.

Mwalimu Issa
Ine pa nkhani ya sadaka ndili ndi mbali yanga, ndipo anthu a ku Namwera amaidziwa. Koma ndimawauza ophunzira anga kuti kudziwa ndime sikukupatsa ufulu woliza agogo ako. Ngati ukuona kuti china chisinthe, yamba wakhala nawo pansi, udye nawo, ulankhule m'Chiyao chomwe amamva, osati kuwaponyera Chiarabu. Ndipo ukachotsa tsiku lomwe ankakumana ndi anzawo, ubweretse lina. Ambiri amangochotsa.

Che Wadi wa ku Joni
Ndaweruka tsopano. Nkhani yanga ndi iyi. Ine ndimatumiza ndalama mwezi uliwonse osaphonya. Nyumba ndinawamangira ya malata, sola ilipo, foni ilipo. Koma ndikaimba amayi amangoti tili bwino, mawu ali ofooka. Mlamu wanga anandiuza kuti chisiyireni kupita ku madrasa ya amayi chifukwa cha miyendo, amangokhala kuseri kwa nyumba. Kale ndiwo ankasambitsa maliro a amayi m'mudzi monse ndi kuphunzitsa atsikana kasokedwe ka sanda. Pano anthu anayamba kuitana wina wachitsikana, poti iwo akuti asavutitsidwe. Ine ndinkasangalala kuti akupuma. Ndawerenga zomwe alemba bambo Mbewe, mtima wanga wasweka. Kwathu ku Katuli nyumba zambiri zokongola m'kati mwake muli nkhalamba ndi tiana tokhatokha, amuna tonse tili kuno. Ndipange bwanji ndili kutali chonchi? Kubwerera sindingathe, onsewa akudya m'manja mwanga.

Bambo Mbewe (aphunzitsi opuma)
Che Wadi mwana wanga, malata ndi sola mwachita bwino, musadziimbe mlandu. Koma mawu oti "asavutitsidwe" ndi amene amatimaliza ife. Amanenedwa mwaulemu, tanthauzo lake n'loti ntchito yanu yatha. Amayi anu manja sangathenso kunyamula mtembo, koma mutu ukudziwa zonse. Uzani a m'mudzi kuti pakagwa zovuta azitumiza kabaza kukawatenga, akakhale pampando m'nyumba ya maliro azilangiza wachitsikanayo. Ndalama ya kabazayo muzilipira ndinu. Ndipo mukaimba foni musamangofunsa kuti ndalama yafika. Apempheni dua, ndiko kuti akupempherereni, auzeni vuto lanu la kuntchito, afunseni maganizo. Kholo likamapemphedwa dua limadziwa kuti likadali kholo.

Kwa inu a magulu oyendera, ndinene mosabisa. Kuyenderedwa n'kwabwino, koma kumalemera. Anthu amabwera atavala yunifolomu, amakuimbira, amakujambula ndi paketi ya shuga m'manja, n'kumapita. Umatsala ukudziona ngati wodwala. Bwanji mapemphero a m'dera a pakati pa sabata muzikachitira pakhonde pa nkhalamba yosayendayo, ndipo pemphero lotsekera muziipatsa iyoyo? Ikadziwa kuti Lachinayi kubwera alendo, isesetsa pabwalo, ibwereka mipando, isamba. Ndi mwini nyumba tsopano.

Chinanso, zokuzira mawu. Achinyamata athu amatsegula masipika ndi kiyibodi mpaka m'chifuwa kunjenjemera. Khutu lokalamba phokoso likachuluka silimva mawu, limangomva kulira. Nyimbo za m'buku zomwe tinaloweza tili ana zikuchepa chaka ndi chaka. Sitikuletsa makolasi anu, tisiyireniko ziwiri zokha zomwe tingaimbe osayang'ana pepala.

Bambo a Prince
Zonsezi ndamva, ndipo za benchi ndi kabaza ndagwirizana nazo. Koma tisaiwale boma. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 mwa 100 alionse, si ambiri oti dziko lingalephere kuwasamala. Ndondomeko ya okalamba inatuluka mu 2016, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la okalamba mu 2024, koma gogo wa ku Nankumba akudalirabe kuti mwina dzina lake lilowa mu Mtukula Pakhomo. Gogo wogona ndi njala ngakhale mumuimbire bwanji, m'mawa adzuka ndi njala yomweyo. Ndiye Abiti Daudi sopo ndi ufa musasiye. Ndipo okalamba osapemphera ngati m'mene ndidzakhalire ine, nawonso muziwagogodera.

Abiti Daudi
Sitisiya bambo a Prince, ndipo sitifunsa chipembedzo tikafika pakhomo. Ndikakumana ndi amayi anzanga Lachisanu ndikawauza ziwiri: madrasa ya amayi tiziyendetsa m'makomo mwa anganga osayenda mosinthanasinthana, ndipo zojambula zithunzi tisiye. Make Yamikani, kodi a Mvano a kwanuko angalole kuti nyumba zina tiziyendera limodzi? Kuno kuli mabanja ambiri oti gogo ndi Mkhristu, ana ndi Asilamu, kapena gogo Msilamu ana Akhristu, ndiye aliyense amaganiza kuti ayendera ndi enawo.

Make Yamikani
Ndikawafunsa amayi a pampando, sindikuona chovuta. Pa maliro timaphikira limodzi kale.

Mwalimu Issa
Che Wadi, ndilembereni kumbali dzina la mudzi wanu. Ndili ndi mnzanga amene amaphunzitsa mbali ya Katuli, akhoza kukalankhula ndi amayi a kumzikiti kwanuko sabata ino.

Sisita Nangondo
Akapita akawaonenso miyendoyo Che Wadi. Ngati ikutupa yonse iwiri, kapena akumva dzanzi ndi kutentha kumapazi usiku, apite nawo kuchipatala akayezedwe BP ndi shuga, atenge ndi buku lawo la kuchipatala. Zina mwa zomwe timangoti ndi ukalamba zili ndi mankhwala.

Che Wadi wa ku Joni
Sikomo kwejinji nonse. A mwalimu ndakulemberani. Asisita, akuti ikutupa yonse iwiri makamaka madzulo, ndiye ndauza mlamu wanga apite nawo Lolemba.